Utsi Wonunkhira Zipatso: Kodi Boma Liletse Kapena Lilole?

Boma lathu la Ntcheu lili panjira. Mseu waukulu wa M1 wochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe umadutsa pakati pathu, ndipo kuyambira cha ku Biriwiri mpaka ku Lizulu umayenda motsatana ndi malire a dziko la Mozambique, kotero kuti munthu angathe kugula kabichi tsidya lino, anyezi nakagula tsidya linalo. Malo otere salephera kulandira zachilendo. M'masiku a WENELA ndi TEBA makolo athu ankabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni atanyamula njinga, wailesi ndi zikhotho. Lero ana athu amene amakasaka ganyu ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town amabwera ndi mafoni, nsapato ndi zina zimene agogo athu sadazilotepo. Pakati pa zinthu zatsopano zimene zafala ku South Africa, zimenenso zayamba kuoneka m'mizinda yathu, pali kanthu kakang'ono konga cholembera, kotulutsa utsi wonunkhira ngati mango kapena switi. Azungu amakatcha vape, ndipo ife tikatcha ndudu yamagetsi.

Pa kanthu kameneka pali mkangano waukulu m'maiko ambiri. Maboma akuika malamulo, pamene okagwiritsa ntchito akudandaula kuti malamulowo akuwalanda chingwe chimene chidawatulutsa m'dzenje. Nkoyenera kuti ife makolo ndi achinyamata a mu mpingo tiumve mlanduwu mbali zonse ziŵiri usanafike pakhomo pathu, pakuti safunsa adadya phula.

Chiyambi chake

Ndudu yamagetsi yamakono idapangidwa m'chaka cha 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China. Iyeyu anali wosuta kwambiri, ndipo bambo wake, amenenso anali wosuta, adamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Maganizo ake anali akuti munthu alandire nikotini, ndiye chikonga chija chimene chimamanga wosuta, koma popanda kuyatsa tsamba la fodya. Malonda ake adayamba ku China mu 2004, ndipo patangopita zaka zoŵerengeka adafika ku Ulaya ndi ku Amereka.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. M'katimo muli batire, kawaya kotentha ndi kathanki ka madzi. Munthu akakoka mpweya, batire limatenthetsa kawaya, madziwo nasanduka nthunzi imene imaloŵa m'mapapo. Madzi amenewa ngosakaniza: muli propylene glycol, glycerine, nikotini ndi zokometsera fungo. Kaŵirikaŵiri nikotiniyo amachita kumtcheza kuchokera ku tsamba la fodya lomwelo limene alimi amalima. Zilipo ndudu zina zothiramo madzi mobwerezabwereza, ndipo zilipo zina zotaya zikangotha.

Kusiyana kwake ndi chingambwe, kaliwo kapena ndudu ya m'sitolo ndi moto. Fodya akamapsa amatulutsa phula lakuda ndi mpweya woipa wa carbon monoxide, ndipo mu utsi wakewo muli mankhwala oposa 7,000, amene pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Kale mu 1976 dokotala wina wa ku London, Michael Russell, adafotokoza kuti chimene chimakokera munthu ku ndudu ndi nikotini, koma chimene chimamupha ndi phula la mu utsi. Pamenepa ndi pamene pagona mtsutso wonse wa okonda ndudu zamagetsi.

Madandaulo a ogwiritsa ntchito

Tisafulumire kuwaseka anthu aŵa, chifukwa ambiri mwa iwo ndi akuluakulu amene adasuta fodya zaka makumi aŵiri kapena atatu, nayesa kuleka kambirimbiri osaphula kanthu. Madandaulo ao ndi anayi.

Loyamba ndi lakuti maboma ena akuletsa chinthu chochepa ululu, nasiya chakupha chenicheni chili pa shelefu. Dziko la India lidaletseratu ndudu zamagetsi mu 2019, ndipo Uganda idachita chimodzimodzi m'lamulo lake la mu 2015, koma ndudu za moto zikugulitsidwabe m'maiko onse aŵiriwo. Iwo amakumbutsa kuti mu 2015 bungwe la boma la Public Health England lidalengeza kuti ndudu zamagetsi nzochepa ululu ndi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu za moto. Akatswiri ena adatsutsa kapezedwe ka nambala imeneyi, komabe mu 2022 bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zachipatala, lidapeza umboni wamphamvu wakuti ndudu zamagetsi zokhala ndi nikotini zimathandiza anthu ambiri kuleka fodya kuposa chingamu kapena timapepala ta nikotini tomata pakhungu.

Lachiŵiri ndi la msonkho. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri, boma lidaika msonkho wa R2.90 pa mililita iliyonse ya madziwa kuyambira pa 1 June 2023. Ndiye kuti botolo la mamililita 100 lidakwera ndi R290 tsiku limodzi. Wosauka akaona kuti ndudu ya moto yogula imodziimodzi njotchipa, kodi sabwerera kumene adachokera?

Lachitatu ndi la fungo ndi mphamvu ya madziwo. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya adagwirizana mu 2014 kuti nikotini asapitirire mamiligalamu 20 pa mililita imodzi, kathanki kasapose mamililita 2, ndipo botolo lothirira lisapose mamililita 10. Maiko ena aletsa fungo la zipatso. Osuta akalewo amati fungo la zipatso ndilo lidawaiŵalitsa kukoma kwa fodya, ndipo kuwabwezera ku fungo la fodya kuli ngati kumkhazika chidakwa wolapa pafupi ndi mtsuko wa moŵa.

Lachinayi ndi la malonda akabisira. Pa nthaŵi ya mliri wa Covid-19 boma la South Africa lidaletsa kugulitsa fodya ndi ndudu zamagetsi kuyambira mwezi wa March mpaka August 2020. Osuta ambiri sadaleke. Adangopeza fodya kuseri, pa mtengo wokwera, ndipo amene adalemera ndi ozembetsa katundu. Ku Australia, kumene kuyambira mu July 2024 ndudu zamagetsi zimaloledwa kugulitsidwa m'mafamase mokha, ogwiritsa ntchito amadandaula zomwezo.

Yankho la maboma ndi madokotala

Tsono timve mbali inayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chimene chidapangidwira bambo wofuna kuleka fodya chagwera m'manja mwa mwana amene sadasutepo chibadwire.

Ku Amereka mu 2015 kudatuluka kandudu kotchedwa Juul, kofanana ndi kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta, kokhala ndi nikotini wamphamvu koma wosakanda pakhosi. Pofika 2019, ophunzira 27 mwa 100 alionse a m'sukulu za sekondale kumeneko anali kusuta ndudu zamagetsi, ndipo mu December chaka chomwecho boma lidakweza msinkhu wogulira fodya kufika pa zaka 21. Ku South Africa, madokotala a University of Cape Town adafunsa ophunzira oposa 25,000 m'sukulu 52, ndipo zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2024, zidaonetsa kuti pafupifupi 17 mwa 100 alionse anali kuzigwiritsa ntchito. Mu December 2023 bungwe la WHO lidachenjeza kuti pa msika pali mitundu ya fungo yosachepera 16,000, kuti maiko 34 adaletsa malondawa, koma maiko 88 analibe lamulo lonena msinkhu wa wogula, ndipo 74 analibe lamulo lililonse. Kodi fungo la chingamu ndi la keke adalipangira nkhalamba ya zaka 60?

Chifukwa chodera nkhaŵa ana nchodziŵika. Ubongo wa munthu umapitirira kukula mpaka cha m'ma zaka 25. Nikotini akaloŵa m'mapapo amafika ku ubongo m'timphindi tochepa, nautsa kachisangalalo kosakhalitsa. Ubongo wanthete umazoloŵera msanga, kotero kuti mwana akapanda kukoka amakwiyakwiya, sakhazikika m'kalasi, ndipo tulo timamuvuta. Ndiponso nthunziyo si madzi wamba monga ena amanenera. Akafukufuku apezamo mankhwala onga formaldehyde ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso tochokera ku kawaya kotentha kaja. Madzi a m'botolo ndi poizoni ngati mwana wakhanda awamwa. Popeza chinthuchi changokwanitsa zaka 20 posachedwapa, anthu amene adachiyamba ali ana sadafike pa ukalamba kuti mapapo ao achitire umboni.

Nkhani ina yochenjeza idachitika ku Amereka mu 2019. Achinyamata ambiri adayamba kubanika ndi nthenda ya m'mapapo, ndipo pofika February 2020 anthu 2,807 anali atagonekedwa m'chipatala, 68 atamwalira. Atafufuza adapeza kuti gwero lake lalikulu linali mafuta a vitamin E acetate amene ogulitsa akabisira ankathira m'madzi okhala ndi mphamvu ya chamba. Mbali zonse ziŵiri zimaloza nkhaniyi. Boma limati: onani kuopsa kwa chinthu chosayang'aniridwa. Ogwiritsa ntchito amati: onani zimene zimachitika malonda akathaŵira mumdima. Onse akunena zoona.

Ngakhale dziko la Britain, limene limalimbikitsa osuta akuluakulu kusinthira ku ndudu zamagetsi, lidaletsa ndudu zotaya zikatha kuyambira pa 1 June 2025, chifukwa cha ana komanso chifukwa cha mabatire otayidwa paliponse. Ku South Africa, bilu yofuna kuika ndudu zamagetsi pansi pa malamulo ofanana ndi a fodya idaperekedwa ku nyumba ya malamulo mu 2022, ndipo idautsa mtsutso waukulu pamisonkhano yomva maganizo a anthu.

Nanga ife kuno ku Malaŵi?

Kwathu kuno nkhaniyi ili ngati khoswe wokhala pa mkhate. Dziko lathu ndi limodzi mwa maiko olima fodya wa bale wochuluka pa dziko lapansi, ndipo kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja. Mabelo amene amapita ku misika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ndiwo alipirira ana ambiri sukulu, agula malata, ndipo, tisabise, aloŵanso m'mbale ya zopereka. Lamulo la Tobacco Industry Act la mu 2019 lidakonzedwa kuti liyendetse ulimi ndi malonda a tsambalo, osati kuteteza mapapo a wosuta.

Chaka chomwe Hon Lik adapanga ndudu yake, 2003, ndi chaka chimenenso maiko adavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya. Malaŵi adachedwa zaka 20. Adaloŵa m'panganoli mu August 2023, limodzi mwa maiko otsiriza mu Africa. Panganolo limafuna kuti boma liteteze anthu ku utsi m'malo opezeka anthu ambiri, liletse kutsatsa malonda a fodya, liletse kugulitsa fodya kwa ana, komanso lithandize alimi kupeza mbeu zina zodalirika. Pa mfundo yotsirizayi ife a ku Ntcheu tili ndi poyambira, pakuti mbatatesi ya ku Tsangano ndi ndiwo zamasamba za ku Lizulu zimadyetsa mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Koma malonjezo a m'pangano sateteza mwana aliyense pokhapokha atasanduka malamulo a m'dziko muno, ndipo polemba malamulowo funso la ndudu zamagetsi silingalambalalidwe.

Tili nalo kale phunziro la kwathu komwe kuno. Tonse tikukumbukira moŵa wa m'masacheti, wotchipa kotero kuti mwana wa sukulu ankaugula ndi ndalama ya mandasi, nauika m'thumba la yunifolomu. Mipingo, mafumu ndi aphunzitsi adafuula, ndipo mu 2015 boma lidauletsa. Kuletsako kunali koyenera. Koma sipadapite nthaŵi, moŵa womwewo udabwerera m'timabotolo tating'ono ta pulasitiki. Apa tikuphunzira zinthu ziŵiri. Choyamba, chinthu chotchipa, chotsekemera ndi chobisika m'thumba chimapeza ana msanga kuposa mmene makolo angaganizire. Chachiŵiri, lamulo lolembedwa ku Lilongwe siligwira ntchito lokha pa Kampepuza kapena pa Tsangano Turn-off ngati palibe anthu oliyang'anira. M'boma longa lathu, kumene malire amadutsa pakati pa msika, kuletsa kopanda kulondera kungangonenepetsa ozembetsa.

Anthu aŵiri osiyana

Ife tiona kuti mkanganowu umasokonekera chifukwa anthu amalankhula ngati kuti wokhudzidwa ndi mmodzi, pamene alipo aŵiri. Woyamba ndi bambo wachikulire amene zala zake zidachita chikasu ndi chingambwe, wotsokomola mbandakucha uliwonse. Kwa iyeyu, kuchoka pa fodya wa moto kupita pa ndudu yamagetsi kungakhale kutsika kuchoka pa ngozi yaikulu kupita pa yocheperapo, malinga ngati walekeratu fodya wa motoyo, osati kusuta zonse ziŵiri. Wachiŵiri ndi mtsikana kapena mnyamata wa Fomu 2 amene mapapo ake ngoyera. Kwa iyeyu palibe phindu ngakhale pang'ono. Akungogula unyolo ndi ndalama za makolo ake. Ndipo kwathu kuno, kumene ndudu ya moto imodzi njotchipa kuposa ndudu yamagetsi, mwana amene wazoloŵera nikotini ndalama zikamthera adzathamangira ku chotchipacho.

Lamulo labwino liyenera kuwaona anthu onse aŵiriwa. Chifukwa chake pempho lathu kwa aphungu a nyumba ya malamulo ndi ili. Pakhale msinkhu wa zaka 18 umene wogulitsa aliyense ayenera kuutsata, pa ndudu zamagetsi ndi za moto zomwe, ndipo wophwanya alandidwe chiphaso cha malonda. Kutsatsa kokopa ana, maina a maswiti ndi zithunzi za zidole ziletsedwe. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lipatsidwe mphamvu ndi zipangizo zoyezera madziwa, kuti zolembedwa pa botolo zikhale zoona. Ndudu zotaya zikatha, zimene ana amakonda ndiponso zimene mabatire ake angathere m'minda ndi m'mitsinje yathu, zisaloledwe. Koma boma lisamenye ndudu yamagetsi ndi chibonga, ndudu ya moto nkumaisisita ndi nthenga. Ndiponso zipatala zathu zikhale ndi uphungu wothandiza ofuna kuleka fodya wa mtundu uliwonse.

Mau a Mulungu atiunikira bwanji?

Buku Lopatulika silitchula fodya, koma silitisiya mumdima. Pa 1 Akorinto 6 mtumwi Paulo atiphunzitsa zinthu ziŵiri: kuti Mkhristu asalole chinthu chilichonse kumlamulira, ndi kuti thupi lathu ndi malo okhalamo Mzimu Woyera, osati chuma chathu choti tichite nacho monga tifunira. Funso la Mkhristu silithera pakuti kodi boma lalola. Zambiri zimene lamulo lilola sizimanga munthu. Pa Aroma 13 tiphunzira kuti olamulira adaikidwa kuti atumikire ubwino wa anthu, motero boma likamateteza ana likuchita ntchito yake yeniyeni. Pa Mateyu 18 Ambuye athu achenjeza koopsa aliyense wopunthwitsa ana aang'ono, ndipo mau amenewo akhudza mwini kampani wa kutsidya kwa nyanja pamodzi ndi mwini okala wa m'mudzi mwathu. Koma Agalatiya 6 atikumbutsanso kuti mbale wogwidwa mu msampha timbweze mofatsa ndi kumthandiza kusenza katundu wake. Munthu amene akulimbana ndi chizoloŵezi cha zaka 30 asoŵa pemphero ndi bwenzi, osati chitonzo cha pa bwalo la tchalitchi.

Kwa makolo

M'mera mpoyamba. Ndudu ya moto imadziulula yokha ndi fungo pa malaya, koma iyi imanunkhira zipatso, ndipo maonekedwe ake ali ngati cholembera kapena kachipangizo ka foni. Dziŵani tsono zimene zili m'chikwama cha mwana wanu, makamaka pobwera ku sukulu yogonera komweko. Mukapeza kanthu kachilendo kotchajidwa ngati foni, funsani modekha, chifukwa mkwapulo umangophunzitsa mwana kubisa bwino. Amene muli ndi abale ku Joni, auzeni mosapita m'mbali kuti mphatso yotere isaloŵe pakhomo panu. Amayi a Chigwirizano ndi a Mvano, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande sukulu, ikani nkhaniyi pa misonkhano yanu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo inu abambo amene mumasuta, dziŵani kuti kutuma mwana kukagula ndudu pa okala kapena kukayatsa pa moto wa kukhitchini ndi phunziro loposa ulaliki uliwonse. Ngati mufuna kuleka, kaonaneni ndi achipatala, sankhani tsiku, ndipo uzani a m'banja mwanu kuti akuchirikizeni.

Kwa achinyamata

Anzanu adzakuuzani kuti ndi nthunzi chabe, kuti ndi chizungu, kuti si fodya. Ayankheni kuti nikotini wake ndi yemweyo. Kumbukirani kuti ngakhale madokotala a ku Britain amene amayamikira ndudu zamagetsi kwa osuta akale amanena momveka kuti wosasuta asayambe. Ŵerengerani ndalama zimene chizoloŵezichi chingadye pa chaka, muone kuti ndi makope angati, ndi matumba angati a feteleza. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chuma chimene muli nacho m'manja lero ndi mapapo oyera ndi mutu womasuka. Musachisinthanitse ndi utsi umene mphepo idzauluza.

Aphungu adzakambirana, makampani adzakoka mbali yao, ndipo malamulo adzabwera pa nthaŵi yake. Koma lamulo loyamba limaikidwa pa mphasa ya banja, pamene bambo, mayi ndi ana akhala pamodzi madzulo kuŵerenga Mau ndi kupemphera. Tipemphe Ambuye kuti apatse nzeru atsogoleri athu, amasule abale athu amene adamangidwa kale, ndipo asunge ana athu a ku Ntcheu ndi a Malaŵi yense kuti akule ndi matupi olimba ndi mitima yoyera, ku ulemerero wa dzina lake.